Ma V8 ndi mafuta: galimoto zikuluzikuluzi zimadya ndalama zingati kwenikweni?

Mwezi ukamatha, ERB, bungwe la boma loona za mitengo ya mafuta ndi magetsi, ikangolengeza mtengo watsopano wa mafuta, nkhani ya ma V8 imabukanso. Mumaimva m'basi ya ku Chelstone, mumaimva pa car wash ku Kabwata, pa Facebook ndiye osanena. Wina akuti Land Cruiser VX imamwa mafuta ngati thiraki, wina akuti ayi ya dizilo siidya kwambiri imangoposa Hilux pang'ono, wina wabwera ndi chithunzi cha pa dashboard chikuonetsa 9.8 ndiye akuti onani umboni uwu. Nkhaniyi inakulanso chifukwa cha galimoto za boma, paja Pulezidenti Hakainde Hichilema wakhala akulankhula poyera kuti akuluakulu a boma asamagulidwe ma VX, ndipo mu 2023 analamula kuti ena mwa omwe anagulidwa agulitsidwe. Za ndalezo ine sindilowamo. Chomwe chimandikhudza n'chakuti anthu ambiri akukangana pomwe manambala omwe akugwiritsa ntchito sakufanana, ndiye pali ena omwe akusunga ndalama zaka zambiri kuti agule galimoto yotere yakale osadziwa kuti ikafika pakhomo idzafuna chiyani mwezi ndi mwezi. Tiyeni tione chimodzichimodzi.

Tikunena galimoto ziti

V8 kwenikweni ndi injini ya masilinda asanu ndi atatu, koma pa Lusaka munthu akati V8 nthawi zambiri akunena Toyota Land Cruiser 200, ija inapangidwa kuyambira 2007 mpaka 2021. Koma gululi ndi lalikulupo: muli Lexus LX 570, Nissan Patrol Y62, Range Rover, Mercedes-Benz GLS ndi G-Class, BMW X7, komanso Land Cruiser 300 yomwe inatuluka mu 2021. Prado ndi Fortuner ndi azing'ono awo, tisazisakanize.

Galimotozi sizinayambe ngati za mabwana. Land Cruiser inayamba mu 1951 ili galimoto ya ntchito, ya asilikali ndi apolisi, dzina lenilenilo linabwera mu 1954. Range Rover yoyamba ya 1970 inali ndi mipando ya pulasitiki yoti mutha kutsuka ndi madzi mukachoka ku famu. G-Class ya 1979 nayo inali ya ntchito zolimba. Kenaka zaka zikupita anayamba kuikamo zikopa, firiji, mipando ya magetsi, ma screen, ma airbag ambiri, zotchinga phokoso, ndipo chilichonse mwa izi chili ndi kulemera kwake. Lero Land Cruiser 200 imalemera matani pafupifupi 2.7 isanakwere munthu, pomwe Vitz imalemera tani imodzi basi. Nambala iyi muisunge chifukwa nkhani yonse ya mafuta ikuyambira pamenepa.

Injini nazo zimasiyana kwambiri, n'chifukwa chake anthu awiri atha kunena kuti onse ali ndi V8 koma akudya mafuta osiyana. Land Cruiser 200 ya dizilo ili ndi injini ya malita 4.5 ya ma turbo awiri. LX 570 ili ndi ya petulo ya malita 5.7, Patrol Y62 ya petulo ya 5.6. Land Cruiser 300 anthu amaitchulabe V8 koma si V8, ndi V6, ya dizilo 3.3 kapena ya petulo 3.5, ndipo Toyota inaipepukitsa ndi makilogalamu pafupifupi 200.

Manambala atatu omwe amasokoneza anthu

Kadyedwe ka mafuta kamayezedwa m'njira zitatu, ndiye ife kuno timalandira galimoto kuchokera ku Japan, ku UK, ku South Africa, ku Dubai, iliyonse imabwera ndi kawerengedwe ka kwawo.

Za ku Japan zimaonetsa km/L, kutanthauza makilomita omwe muyende ndi lita imodzi. Apa nambala ikakula ndiye bwino. Za ku South Africa, Australia ndi maiko ambiri a ku Ulaya zimaonetsa L/100km, malita omwe muwotche pa makilomita 100, apa nambala ikakula ndiye kuti zinthu sizili bwino. Ndiye wina akakuonetsani dashboard ili pa 9.8, funso loyamba likhale lakuti 9.8 ya chiyani? Kusintha n'kosavuta, mumangogawa 100 ndi nambala yomwe muli nayo. Galimoto ya 5 km/L ndi yomweyo ya 20 L/100km. Ya 12.5 km/L ndi ya 8 L/100km.

Chachitatu ndi mpg, mamailosi pa galoni, ndipo apa pali msampha chifukwa galoni ya ku America ndi malita 3.785 pomwe ya ku UK ndi malita 4.546. Mukaona 30 mpg pa galimoto yochokera ku UK ndi 10.6 km/L, koma 30 mpg ya ku America ndi 12.8 km/L. Munthu akuonera vidiyo ya pa YouTube ya ku America n'kumafananiza ndi pepala la galimoto ya ku Birmingham, sangagwirizane ndi mnzake ngakhale atakangana mpaka usiku.

Pali chinthu china chomwe km/L imabisa, ndipo ichi ndi chofunika kwambiri kwa eni galimoto zazikulu. Tengani ulendo wa makilomita 1,000. Galimoto ya 5 km/L idya malita 200. Mukaikonza bwino n'kufika 6 km/L idya malita 167, mwapulumutsa malita 33. Koma galimoto yaing'ono yochoka pa 15 kufika 16 km/L imangopulumutsa malita 4. Kilomita imodzi yomweyo, phindu losiyana kutali. Ndiye mwini V8 akamati ah ndi kilomita imodzi chabe pa lita palibe kusiyana, akulakwitsa masamu, pa galimoto yake kilomita imodziyo ndi ndalama zambiri.

Nambala ya pa pepala ndi ya pa Great East Road

Nambala yomwe kampani imalemba siyabodza, koma muyenera kudziwa momwe amaipezera. Galimoto amaiika mu labu, matayala akuzungulira pa zitsulo zozungulira, woyendetsa akutsatira liwiro lomwe analemberatu, AC yozimitsa, mulibe katundu, mulibe mabampu, mulibe minibasi yoima pakati pa msewu. Ku Ulaya anali ndi mayeso otchedwa NEDC, a mphindi 20 ndi makilomita 11, ofewa kwambiri moti anthu anadandaula kwa zaka zambiri kuti sakufanana ndi zenizeni. Kuyambira 2017 anabweretsa WLTP, ya mphindi 30 ndi makilomita 23, yothamanga mpaka 131 km/h. Ku Japan kunali JC08 yomwe liwiro lake lalikulu silinkapitirira 82 km/h, ndipo galimoto zambiri zakale zomwe timagula kuchokera kumeneko manambala ake ndi a mayeso amenewa. A ku America, a bungwe la EPA, amakonzako manambala awo kuti ayandikire za pamsewu, n'chifukwa chake amaoneka oipa kuposa ena koma ndi omwe ine ndimawakhulupirira kwambiri.

Tione zitsanzo. LX 570 ya zaka zomaliza EPA inaipatsa 14 mpg mukaphatikiza tauni ndi msewu waukulu, ndiye kuti pafupifupi 6 km/L, kapena malita 17 pa makilomita 100. M'tauni mokha ndi 12 mpg, kungopitirira 5 km/L pang'ono. LX 600 yomwe inalowa m'malo mwake ili pa 19 mpg, pafupifupi 8 km/L. Land Cruiser 200 ya dizilo ku Australia inalembedwa 9.5 L/100km, ya 300 ya dizilo 8.9. Manambala a dizilowa ndi a mu labu, galimoto yatsopano. Yanu ngati yayenda kale makilomita 200,000, ili ndi bull bar, roof rack ndi matayala a zidutswa zikuluzikulu, musayembekezere kuiona pamenepo.

Njira yokhayo yodziwira zoona za galimoto yanu ndi iyi: dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, ikani trip pa zero, yendani monga mwa masiku onse, mukabwereranso dzazani mpaka idulenso, kenaka gawani makilomita ndi malita omwe alowa. Chitani kangapo. Ya kuthira ya K300 lero, ya K500 mawa, n'kumayang'ana singano, siikuuzani chilichonse. Ndipo ngati munasintha matayala kuika aakulu kuposa omwe inabwera nawo, dziwani kuti makilomita a pa dashboard nawo asokonekera pang'ono.

Chifukwa chiyani m'tauni imadya chonchi

Mukaima pa Soweto Market n'kuyang'ana anyamata okankha mawilibala, muona kuti povuta ndi poyambira. Wilibala yodzaza matumba a mbatata ikayamba kuyenda imayenda, koma akamuimitsa ayambirenso kukankha ndi mphamvu zonse. Galimoto ya matani 2.7 ndi chimodzimodzi. Mukachoka pa malo mumawotcha mafuta kuti matani onsewo ayambe kuyenda, mukaponda buleki mphamvu yonseyo imasanduka kutentha pa ma disc n'kutayika, kenaka muyambirenso. Werengani kuti kuchokera ku Avondale kufika ku Cairo Road m'mawa mumaima kangati, pa Munali, pa Arcades, pa Manda Hill, pa Kabwe roundabout, muona chifukwa chake galimoto yomweyo imadya mosiyana kwambiri m'tauni ndi pa ulendo wa ku Livingstone. Ma flyover omwe anamangidwa zaka zapitazi anathandizako malo ena koma mzere wa m'mawa ndi madzulo ulipobe.

Kuima injini ikulira nakonso kumadya. Galimoto ikakhala pa mzere kapena dalaivala akudikira abwana panja pa ofesi AC ili yoyaka, ikuyenda makilomita zero koma lita imodzi kapena awiri pa ola akupita, pa injini yaikulu ya petulo nthawi zina kuposa apo. Mwezi wa October kukatentha, m'kati mwa galimoto yaikulu chonchi muli mpweya wambiri woti uzizire, ina ili ndi AC ya kutsogolo ndi ya kumbuyo.

Kuwonjezera apo galimotozi zambiri matayala onse anayi amakoka nthawi zonse, ngakhale pa phula la ku Kabulonga. Mphamvu imadutsa m'magiya ambiri isanafike pansi ndipo paliponse pamatayika pang'ono. Maulendo afupiafupi ndiye oipitsitsa, injini ikazizira imadya kwambiri, ndiye kukasiya ana ku sukulu makilomita atatu n'kubwerera, injini yaikulu chonchi imakhala isanatenthe n'komwe.

Pa msewu waukulu mdani ndi mphepo. Galimotoyi ndi yaitali m'mwamba pafupifupi mamita awiri, m'lifupi chimodzimodzi, kutsogolo kwake ngati khoma. Mphamvu ya mphepo yokukankhirani m'mbuyo siikula mofanana ndi liwiro, imakula mofulumira kuposa: kuchoka pa 100 kufika pa 120 imakwera ndi 44 peresenti, pa 140 imakhala pafupifupi kawiri. Vuto n'lakuti m'galimoto zotere 140 siimveka, muli zii ngati muli pa 80, singano ya mafuta yokha ndi yomwe imadziwa. Palinso kakang'ono koti Lusaka ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja, mpweya ndi wopepukirapo ndiye injini yopanda turbo ngati ya LX 570 kapena Patrol imataya mphamvu pang'ono poyerekeza ndi ku Durban kapena ku Dar es Salaam, woyendetsa n'kumaponda kwambiri kuti amve mphamvu yomwe akufuna. Za turbo sizimva kwambiri zimenezi.

Dizilo kapena petulo

Lita ya dizilo ili ndi mphamvu yochulukirapo kuposa ya petulo, ndi 10 mpaka 15 peresenti, komanso injini ya dizilo imagwiritsa ntchito bwino mphamvuyo makamaka ikamakoka zolemera pa liwiro lochepa. N'chifukwa chake galimoto ziwiri zolemera mofanana, ya dizilo imayenda mtunda wautali ndi malita omwewo. Mpaka apa a dizilo akunena zoona.

Koma a petulo nawo ali ndi mfundo. Injini za dizilo za masiku ano, za common rail, zimapopa mafuta ndi mphamvu yaikulu kwambiri kudzera m'timabowo tating'ono kwambiri, ndiye madzi pang'ono kapena fumbi mu dizilo zitha kuwononga pampu ndi ma injector, ndipo pa V8 ma injector ndi asanu ndi atatu. Ma turbo ndi awiri. Zatsopanopo zili ndi DPF, sefa yogwira mwaye mu ekizozi, yomwe imafuna galimoto iziyenda ulendo wautali kuti mwayewo upse, ikamangozungulira m'tauni imatsekeka. Zochokera ku Ulaya zambiri zimafunanso AdBlue, mankhwala a madzi othira m'kathanki kake ochepetsa utsi woipa mu ekizozi. Injini yaikulu ya petulo yopanda turbo ilibe zambiri mwa izi, imadya mafuta ambiri koma ili ndi zinthu zochepa zoti zife. Ndiye funso lenileni ndi lakuti mumayenda makilomita angati pa chaka ndipo mumayenda kuti. Woyenda ku Chipata, ku Solwezi, ku Mongu mwezi ndi mwezi masamu ake ndi ena, woyenda Woodlands kupita ku Longacres n'kubwerera masamu ake ndi enanso.

Mtengo wa pa pampu umachokera kuti

Zambia ilibe mafuta ake, onse timagula kunja ndi madola. Paipi ya Tazama, ya makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, inatsegulidwa mu 1968 nthawi yomwe njira za kum'mwera zinali zovuta chifukwa cha mavuto a ndale a ku Rhodesia, Zimbabwe ya lero. Mu 1973 kunatsegulidwa Indeni yomwe inkayenga mafuta obwera m'paipimo. Indeni inasiya kuyenga, ndipo kuyambira 2023 paipi ija imanyamula dizilo woyengeka kale wa sulphur yochepa, zomwe ndi nkhani yabwino kwa injini zatsopano zija. Petulo amabwerabe ndi ma tanker pa msewu.

ERB ikamawerengera mtengo imayang'ana zinthu ziwiri zazikulu, mtengo wa mafuta pa msika wa dziko lonse ndi mphamvu ya kwacha pa dola, kenaka pamwamba pake pamabwera mayendedwe, misonkho ndi phindu la makampani ndi ma filling station. Kale boma linkalipirako gawo la mtengowu. Mu December 2021 linachotsa thandizolo, petulo anachoka pa K17.62 kufika pa K21.16, dizilo pa K15.59 kufika pa K20.15, ndipo kuyambira 2022 mtengo unayamba kuunikidwa mwezi uliwonse. Ena amati njirayi ndi yachilungamo chifukwa thandizo lija linkapindulira kwambiri omwe amawotcha malita ambiri, monga eni galimoto zomwe tikukambazi, ena amati kusintha mtengo pafupipafupi kumavutitsa wamalonda ndi wokwera basi yemwe sangathe kukonzekera. Mbali zonse ziwiri zili ndi anthu oganiza bwino.

Tiyeni tichite masamu, ndipo poti mtengo umasinthasintha tingoyerekeza kuti lita ndi K30, inu muikepo mtengo wa mwezi uno. Land Cruiser 200 ya ma thanki awiri imalowa malita 138, kudzaza kuchokera pansi ndi K4,140. Patrol imalowa 140. Thanki yaikulu imapusitsa, munthu amati galimoto yanga ndikadzaza ndimafika ku Chipata n'kutsala ndi theka, inde, koma theka la malita 138 ndi thanki yonse ya Corolla n'kuposa.

Ulendo wa ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, kupita ndi kubwera 1,140. Tiyerekeze ya dizilo ikudya malita 12 pa 100 ili ndi banja ndi katundu, kukwera mapiri a ku Luangwa, ndiye malita 137, K4,100. Ya petulo pa malita 15 ndi malita 171, K5,130. Galimoto yaing'ono pa malita 7 ndi malita 80, K2,400. Kusiyana kulipo koma si koopsa kwambiri, makamaka ngati yaikuluyo yanyamula anthu asanu ndi awiri omwe akanafuna galimoto ziwiri. M'tauni ndi momwe mumapweteka. Munthu woyenda makilomita 1,200 pa mwezi mu Lusaka ndi V8 ya petulo pa malita 20 awotcha malita 240, K7,200, pomwe yaing'ono pa malita 9 ndi K3,240. ERB ikakweza ndi K2 yokha, wa V8 uja K480 yawonjezeka pa mwezi asanasinthe chilichonse.

Zomwe sizioneka pa pampu

Mafuta amawawa chifukwa mumalipira sabata iliyonse mukuona, koma ndalama zina zimabwera mwakamodzi ndipo ndi zomwe zimaimitsa galimoto zambiri pa mabwalo a nyumba.

Yambani ndi service. V8 ya dizilo ija imalowa oil malita pafupifupi 9, Corolla malita 4. Zambiri za dizilo zili ndi mabatire awiri. Matayala ake ndi monga 285/60 R18, LX 570 ili ndi a 20 kapena 21, ndipo poti matayala onse amakoka, si bwino kusintha limodzi n'kusiya ena atatha, amafunika akhale ofanana. Matayala a 21 aja ndi opyapyala m'mbali, akakumana ndi dzenje nthawi ya mvula tayala ndi rim zitha kupita limodzi. Ma brake pad akuimitsa matani atatu tsiku lonse m'tauni sakhalitsa. Kenaka pali suspension: Range Rover ndi GLS zimakhala pa matumba a mpweya, LX 570 ili ndi ya hydraulic yokweza ndi kutsitsa galimoto, zonsezi zimakoma zikamagwira ntchito koma zikafa si makanika aliyense angazikonze, zimafuna kompyuta yoyezera ndi munthu wozidziwa. Apa Toyota ili ndi mwayi pa Lusaka chifukwa zilipo zambiri, ma spare ndi amakanika ake amapezeka, pomwe za ku Ulaya nthawi zina mudikire chitsulo chichokere ku Johannesburg kapena ku Dubai galimoto ili pa majeki.

Ma spare onsewa amagulidwa ndi madola ngati mafuta omwe. Kwacha ikagwa, tayala, oil, sefa, zonse zimakwera pamodzi.

Za boma nazo zilipo. Polowetsa galimoto m'dziko, ZRA, bungwe lotolera misonkho, imayang'ana mtundu wake, zaka zake ndi kukula kwa injini, ndipo injini yopitirira 3,000cc ili m'gulu lapamwamba. Carbon tax nayo imatsatira kukula kwa injini, chaka ndi chaka. Chifukwa chake chili m'masamu: lita ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a carbon dioxide, ya dizilo 2.7. Onjezani road tax ndi fitness ku RTSA, ma toll gate a pa Chongwe, Shimabala ndi Katuba mukamatuluka mu mzinda, komanso inshuwalansi. Ya third party ndi lamulo ndipo siidula kwambiri, koma comprehensive amawerengera pa mtengo wa galimoto, ndiye galimoto ya mamiliyoni inshuwalansi yake yokha pa chaka itha kukwana kugula kagalimoto kakang'ono kakale. Ambiri ogula zakale amangotenga third party, zomwe zikutanthauza kuti nyali imodzi ya kutsogolo ikasweka ndi za m'thumba.

Ndipo apa ndi pomwe ndikufuna anzanga omwe mukuganiza zogula mumvetsetse. Galimoto yotere ikakalamba mtengo wogulira umatsika, koma mtengo woisamalira sutsika nawo. Range Rover ya zaka 12 mutha kuipeza pa mtengo wa Hilux, koma matayala ake, mafuta ake ndi kompresa yake ya mpweya ndi za Range Rover basi, ndipo pa msinkhu umenewo m'pomwe zinthu zodula zimayamba kufa motsatizana. Land Cruiser imasunga mtengo wake bwino kuposa zinzake zambiri, izi n'zoona ndipo eni ake amanyadira, koma kusunga mtengo kumatanthauzanso kuti poigula mumatsekera ndalama zambiri m'chinthu choima pa bwalo, ngati ndi ngongole ya ku banki ndiye chiwongoladzanja chikuwerengedwa tsiku lililonse kaya yayenda kaya ayi. Njira yabwino yoonera zonsezi ndi kuphatikiza ndalama za chaka chonse, mafuta, service, matayala, inshuwalansi, misonkho, ngongole, ndi kutsika kwa mtengo wake, n'kugawa ndi makilomita omwe mwayenda. Nambala yotulukayo ndi mtengo wa kilomita imodzi. Woyenda pang'ono amadabwa kwambiri ndi nambalayi chifukwa zambiri mwa ndalamazi zimapita ngakhale galimoto isanadzuke.

Izi sizikutanthauza kuti ogula ndi opanda nzeru. Kuli malo m'dziko muno komwe nthawi ya mvula galimoto yaing'ono siifika, mchenga wa ku Kalabo, misewu ya ku Chama ndi ku chigwa cha Luangwa, mafamu ndi migodi, ndipo munthu wokoka ngolo ya matani atatu kapena woyenda makilomita 900 tsiku limodzi amadziwa chomwe akulipirira. Otsutsa amayankha kuti Hilux, Fortuner kapena Land Cruiser 70 imafika komweko ndi ndalama zochepa. Mkangano wa galimoto za boma uja wagona pa mfundo ziwiri zomwezi.

Mafunso omwe akadali poyera

Loyamba ndi la ma injini atsopanowa. Makampani achoka pa V8 yaikulu kupita ku V6 ya ma turbo, pa pepala mafuta atsika ndithu, koma injini ya turbo imapulumutsa mukamaiyendetsa mofatsa, mukaiponda imamwanso. Ndiye kodi ma V6 amenewa adzafika makilomita 400,000 pa fumbi ndi kutentha kwa kuno ngati momwe akale aja anachitira? Sanakalambe mokwanira kuti amakanika a pa Lusaka agwirizane chimodzi.

Lachiwiri ndi magetsi. Ma hybrid aakulu, ophatikiza injini ya mafuta ndi ya magetsi, ayamba kutuluka, Lexus ili ndi LX 700h, Range Rover ili ndi zotchaja pa soketi, ndipo hybrid imathandiza kwambiri pomwe pali vuto lalikulu, m'tauni, chifukwa mphamvu ya buleki ija imabwerera mu batire m'malo motayika. Boma linachotsa customs duty pa galimoto za magetsi mu bajeti ya 2024. Koma chaka chomwecho chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo nyumba zambiri zinkakhala maola ambiri opanda magetsi. Munthu adzatchaja kuti pakati pa Nyimba ndi Petauke, ndipo batire la galimoto ya matani atatu likatha patapita zaka khumi adzalisintha ndani pa mtengo wanji?

Lachitatu ndi la mtengo wa mafuta womwe. Kutsegula paipi ya Tazama kuti makampani angapo azipikisana kudutsitsamo dizilo, komwe kunayamba mu 2025, kudzasunga dizilo pansi kwa nthawi yaitali kapena ayi, ndipo petulo yemwe akubwerabe pa msewu adzatsatira liti? Yankho lake lidzasintha masamu a dizilo ndi petulo omwe tachita pamwambapa.

Ndipo pali la msonkho: carbon tax ya kuno imayang'ana kukula kwa injini osati mafuta omwe galimoto yawotcha, moti V8 yoyenda Lamlungu lokha imalipira mofanana ndi yoyenda tsiku lililonse, ndipo injini zonse zopitirira 3,000cc zili m'thumba limodzi, ya 3.3 yatsopano ndi ya 5.7 yakale. Ena akuti misonkho ya pa lita yakwana kale kulipiritsa wowotcha kwambiri, ena akuti msonkhowu uziyendera utsi weniweni wa galimoto monga anachitira ku UK, komwe galimoto zolembetsedwa pakati pa 2001 ndi 2017 msonkho wake wa pa chaka anaumangirira ku carbon dioxide yomwe galimoto imatulutsa.